Mpira wa bowling: kugula pa intaneti kapena kwa woboola wa pafupi?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Malawi amene akukhala ku Leicester, ku England. Akuti akhala akusewera bowling ya mapini khumi (masewera ogubuduza mpira wolemera kuti ukagwetse timitengo khumi toimikidwa, totchedwa mapini) kwa miyezi isanu ndi itatu pogwiritsa ntchito mipira ya pamalo osewerera, tsopano alowa ligi ya Lachiwiri madzulo ndipo akufuna mpira wawowawo, nsapato ndi chikwama. Aona kuti mpira womwewo umene uli m'kashopu ka pamalopo, kamene osewera amati pro shop, ukugulitsidwa motchipirako pa intaneti, choncho akufunsa ngati pali chifukwa chenicheni cholipirira ndalama zambiri.

Bambo, chifukwa chilipo, ndipo chagona pa mabowo atatu amene mumalowetsamo zala aja. Mipira imene mwakhala mukutola pashelefu inabooledwa kale kuti aliyense alowetsemo zala, motero n'zosavuta kuganiza kuti mpira uliwonse umabwera choncho. Mpira watsopano wa m'katoni, kaya ndi wa Storm, Brunswick, Hammer kapena Motiv, umafika wosaboola, wosalala mbali zonse, ndipo simungauponye mpaka munthu wodziwa ntchito atayeza dzanja lanu n'kuuika pamakina oboolera. Mtengo umene mwaona pa intaneti ndi wa katundu amene ntchito yake sinathe, pomwe mtengo wa m'pro shop nthawi zambiri umaphatikiza kuyeza ndi kuboola komwe. Ine ndakhala ndikuboola mipira kwa zaka zambiri, ndipo malangizo anga ndi akuti mpira woyamba muugule kumene akauboolere, koma zina zingapo mungathe kuitanitsa pa intaneti popanda nkhawa. Ndifotokoza mwatsatanetsatane, chifukwa ndikudziwa kuti mawu a woboola pa nkhani imeneyi angamveke ngati akungokometsa malonda ake.

Kuyeza dzanja kumatenga nthawi. Woboola amayamba wagwira chala chanu chachikulu n'kuchipindira kumbuyo pang'onopang'ono kuti aone ngati mfundo yake ndi yofewa kapena youma, amayang'ana ngati chalacho n'chobulungira kapena chophwatalala, ndipo amafunsa ngati munavulalapo kapena ngati ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku imatupitsa manja. Akatero amayeza mtunda wochokera pabowo la chala chachikulu kufika pamabowo a chala chapakati ndi chala chovala mphete, umene pa ntchito yathu timati span, kenako amasankha mmene bowo lililonse lipendekere m'kati mwa mpira, chimene timati pitch. Miyeso imeneyi imayenda ndi tizigawo ta inchi, mpaka 1/32, komwe ndi kochepera milimita imodzi, ndipo kusiyana kwa tizigawo tiwiri kapena titatu munthu amakumva m'dzanja akaponya magemu atatu otsatizana. Span ikatalika, khungu la patsinde pa chala chachikulu limakokeka n'kutuluka matuza, ndipo mfundo za zala zimapweteka. Ikafupika, munthu amayamba kufinya mpira poopa kuti umupulumuka, mkono wonse umauma, ndipo mpirawo umakakamira kuchala nthawi yoti uchoke. Palinso chisankho chachikulu chimene muyenera kukambirana pamaso m'pamaso. Mipira ya pashelefu imalowa zala mpaka mfundo yachiwiri, pomwe osewera ambiri a m'ligi amalowetsa nsonga zokha mpaka mfundo yoyamba, kagwiridwe kotchedwa fingertip, kamene kamathandiza kuti mpira uzungulire bwino n'kukhota ukamayandikira mapini. Kagwiridwe kameneka sikalola miyeso yongoyerekeza.

Ndikukumbukira mnyamata wina amene anabwera ndi mpira wokongola kwambiri, wofiirira wosakanikirana ndi golide, umene anaitanitsa pa intaneti ali wobooleratu malinga ndi miyeso imene anadziyeza yekha ndi rula patebulo kunyumba. Anatambasula dzanja kuti ndione. Patsinde pa chala chachikulu panali chilonda chimene anachikulunga ndi tepi, ndipo chikhadabo cha chala chovala mphete chinali chitada. Nditamuuza kuti alowetse zala n'kuika mpirawo pakauntala, ndinaona chikhatho chake chitaumirira ngati ng'oma yowamba kumene, popanda mpata ndi pang'ono pomwe. Tinatseka mabowo onse atatu ndi mankhwala ake, tinadikira kuti aume, tinapala, kenako n'kuboolanso, ndipo ndalama imene analipira pa ntchito imeneyo inadya yonse imene anapulumutsa pogula. Ogulitsa aja sanalakwe, iwo anaboola zimene anauzidwa. Chinasowa ndi munthu woti agwire dzanjalo.

Chachiwiri chimene woboola wabwino amachita ndi kutuluka nanu m'shopu kuti akuoneni mukuponya. Pamatabwa amene mpira umadutsa, omwe ndi otalika pafupifupi mamita 18 kuchokera pamzere woponyera kufika papini yoyamba, amathirapo mafuta pa mamita 12 oyambirira kapena cha pamenepo. Mpira ukabwerera umakhala ndi mizere ya mafuta pakhungu pake, ndipo mizere imeneyo imatiuza mmene mpirawo ukuzungulirira ukachoka m'dzanja lanu. Kuchokera pamenepo timapeza kadontho ka pampira kamene kamakhala pakatikati pa kuzungulirako, kamene timati PAP, komwe ndi kosiyana munthu ndi munthu. Izi n'zofunika chifukwa m'kati mwa mpira wamakono muli mtima wolemera wosabulungira, umene opanga amati core, ndipo malo amene mabowo aikidwa poyerekeza ndi mtimawo ndiwo amathandiza kuti mpira ukhote msanga kapena mochedwa, mwapang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi. Mipira iwiri yofanana dzina ndi kulemera ingayende mosiyana chifukwa cha kaikidwe ka mabowo kokha. Apa ndinene chilungamo: kwa inu amene muli ndi miyezi isanu ndi itatu, kaponyedwe kanu kakusinthabe, choncho nkhani ya PAP siyofunika kwambiri kuposa kukwanira kwa zala. Woboola akayamba kukuchulukitsirani mawu a sayansi asanakuoneni n'komwe mukuponya, mukhale tcheru.

Kukuonani mukuponya kumathandizanso posankha mtundu wa mpira, ndipo apa m'pamene intaneti imasocheretsa anthu ambiri. Khungu la mpira lilipo la mitundu itatu ikuluikulu. Pali la pulasitiki, limene limayenda mowongoka ndipo ndi labwino pogwetsera mapini otsala. Pali la urethane, limene linatchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ndiye pali la reactive resin, limene linabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 n'kusintha masewerawa kwambiri, chifukwa limamwa mafuta n'kugwira matabwa mwamphamvu. Munthu akamaonera mavidiyo pa YouTube amaona katswiri akuponya mpira wamphamvu kwambiri pamafuta ochuluka, mapini n'kumauluka, ndiye amaganiza kuti wokwera mtengo ndiye wabwino. Akafika nawo pamalo ake, pamene masana onse pamasewera mabanja ndi ana ndipo mafuta amakhala atatha pofika madzulo, mpirawo umagwira matabwa msangamsanga, mphamvu zake zimathera panjira, n'kukafika pamapini utatopa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Woboola wa pamalo anu amadziwa kuchuluka kwa mafuta amene makina awo amathira Lachiwiri madzulo, amadziwa ngati matabwa ake ndi akale kapena atsopano, ndipo kawirikawiri adzakulozerani mpira wa reactive wa gulu loyambira, umene ndi wotchipa kuposa umene maso anu anakopeka nawo.

Kulemera nakonso kumafuna kuyesa ndi dzanja. Lamulo limati mpira usapitirire mapaundi 16, omwe ndi makilogalamu 7.26 (apa ndikunena mapaundi a sikelo, osati a ndalama). Amuna ambiri a m'ligi amaponya wa 14 kapena 15. Mpira wokwanira bwino zala umamveka wopepuka kuposa wa pashelefu wa kulemera komweko, chifukwa simuufinya, motero amene anazolowera wa 12 pashelefu nthawi zambiri amatha kunyamula wa 13 kapena 14 popanda vuto. Chinanso chimene anthu sachiona pochita changu ndi chakuti opanga ambiri amaika mtima wosiyana m'mipira yopepuka, makamaka ya 12 ndi 13, moti manambala amene alembedwa pamwamba pa malonda amakhala a mpira wa 15. Mukagula wa 12 poganiza kuti uyenda ngati wa m'vidiyo uja, mudzadabwa.

Tsopano tiwerengere ndalama, poti ndipo pagona funso lanu. Musayerekeze mtengo wa pa intaneti ndi wa pashelefu ya m'shopu, koma mufunse mbali zonse ziwiri kuti mpira wokonzeka kuponya ukhala ndalama zingati. Pa mtengo wa pa intaneti muwonjezere wotumizira katundu wolemera makilogalamu asanu ndi awiri, muwonjezere ndalama yoboolera, muwonjezerenso timalabala tolowa m'mabowo a zala ndi kachipangizo ka m'bowo la chala chachikulu kamene timati thumb slug. Mashopu ambiri amalipiritsa ndalama yokwererapo poboola mpira wobwera nawo kuchokera kwina, ndipo zimenezi zisakukwiyitseni, popeza phindu la pampirawo lapita kwa wina pomwe makina, lendi ndi nthawi ndi za woboola. Ngati mukuitanitsa ku America, kumene mitengo imaoneka yotsika kwambiri, kumbukirani kuti katundu wopitirira £135 akamalowa ku Britain mumalipira VAT ya 20 peresenti yowerengedwa pamodzi ndi mtengo wotumizira, mwinanso msonkho wa kasitomu, ndipo kampani yonyamula katunduyo imawonjezeranso yake yogwirira mapepala. Mukaphatikiza zonsezi, nthawi zambiri kusiyana kumatsala kochepa, nthawi zina kumatheratu, ndipo nthawi zina intaneti imapambanabe, makamaka pa mipira imene opanga asiya kupanga ndipo ogulitsa akufuna kuichotsa m'nyumba zosungira katundu.

Pali ndalama inanso imene sioneka pa lisiti. Mpira ukangobooledwa, pamafunika kuusintha pang'onopang'ono m'masabata oyambirira: kusalaza m'mphepete mwa bowo pamene pakukanda, kukulitsa pang'ono pamene pakuthina, kuika kapena kuchotsa tepi m'bowo la chala chachikulu, chifukwa chala chimatupa kukatentha ndipo chimafota m'nyengo yozizira ya kunoyi. Oboola ambiri amachita zimenezi mwaulere kwa amene anagula kwa iwo. Amakusonyezaninso mmene mungapukutire mpira mukamaliza gemu, ndi nthawi yoyenera kuupala ndi timapadi topalira ta Abralon ta 1000, 2000 kapena 4000 (nambala ikakwera, padiyo ndi yosalala kwambiri) kuti khungu lake libwerere mwakale, popeza mpira wa reactive ukamwa mafuta ambiri umayamba kufooka.

Za malamulo oteteza wogula ndiyenera kuzitchula, chifukwa apa intaneti ili ndi ubwino wake weniweni komanso msampha wake. Ku Britain, malamulo a Consumer Contracts Regulations a 2013 amapatsa munthu wogula pa intaneti masiku 14 kuchokera pamene walandira katundu kuti asinthe maganizo n'kubweza, ngakhale kuti kawirikawiri mtengo wobwezera umakhala wake. Ufulu umenewu sugwira ntchito pa katundu wopangidwa malinga ndi miyeso ya wogula, choncho mpira umene mwaitanitsa wobooleratu simungaubweze chifukwa choti sukukwanani, pokhapokha ngati uli ndi chilema kapena aboola zosiyana ndi zimene munawauza. Sugwiranso ntchito mukagula kwa munthu wamba pa eBay kapena pa Facebook. Kumbali ya waranti ya opanga, mpira ukang'ambika, chimene chimachitika ndithu makamaka ukamasiyidwa m'buti ya galimoto usiku wozizira n'kulowetsedwa m'nyumba yotentha, opanga amayang'ana kaye mmene unabooledwera, ngati mabowo a zala anayandikana mopitirira muyeso kapena ngati m'mphepete mwake sanasalaze. Mukagula ndi kubooletsa pamalo amodzi, munthu mmodzi ndiye amayankha zonse. Mukagula uku n'kubooletsa uko, wogulitsa angaloze woboola, woboola n'kuloza wogulitsa, inu n'kutsala pakati mutanyamula katoni yolemera yofunika kutumiza ndi ndalama zanu.

Ngati mtima ukukutumani kugula mpira wogwiritsidwapo kale ntchito, samalani ndi malamulo a masewerawa. Bungwe la ku America la USBC lili ndi mndandanda wa mipira yovomerezeka umene mipikisano yambiri padziko lapansi imatsatira, ndipo nthawi zina limachotsamo mpira umene unavomerezedwa kale. Mu March 2016 linachotsa Jackal ndi Jackal Carnage ya Motiv chifukwa mtima wake unapitirira muyeso wololedwa, ndipo mu March 2022 linachotsa Spectre ya Storm chifukwa khungu lake linali lofewa kuposa mlingo. Kuyambira pa 1 August 2020 bungweli linaletsanso bowo lowonjezera la pambali limene oboola tinkaika pofuna kulinganiza kulemera kwa mpira, moti tsopano bowo lililonse logwirira liyenera kulowa chala nthawi iliyonse imene mukuponya. Ngakhale oponya ndi manja awiri osalowetsa chala chachikulu, monga amachitira Jason Belmonte wa ku Australia, saloledwa kukhala ndi bowo la chalacho pampira wawo. Mipira yambiri yakale imene ikugulitsidwa motchipa ili ndi bowo la pambali lija, ndipo kulitseka ndi ndalama ina, kuwonjezera pa yotsekera mabowo a mwini wake wakale. Mufunse mlembi wa ligi yanu ngati ligiyo ili pansi pa British Tenpin Bowling Association ndiponso malamulo amene akutsatira pa zida, musanatulutse ndalama.

Nsapato zili pakatikati. Za lendi zija zimaterera mapazi onse awiri, pomwe za osewera okhazikika zimakhala ndi soli yoterera kuphazi limodzi ndi yogwira kuphazi linalo: woponya ndi dzanja lamanja amaterera ndi phazi lakumanzere, ndipo wamanzere zimatembenuka. Poitanitsa muwerenge bwino kuti ndi za dzanja liti. Nambala za ku America, zimene makampani ngati Dexter amagwiritsa ntchito, sizifanana ndi za ku Britain, ndipo kawirikawiri zimakwererapo ndi theka kapena imodzi. Ngati shopu yanu ili ndi saizi yanu, yesani pomwepo mutavala sokosi zimene mumasewerera. Ngati ilibe, pakuti mashopu ang'onoang'ono sasunga saizi zonse, itanitsani kwa wogulitsa wa m'dziko momwemo n'kuziyesa pakapeti kunyumba kuti muthe kubweza zikapanda kukwana. Polemba mawu ofufuzira muziikapo tenpin, chifukwa kunoko mawu akuti bowls amatanthauza masewera ena a pakapinga, amene mipira ndi nsapato zake n'zosiyana kotheratu.

Chikwama, thaulo, tepi, mankhwala opukutira mpira, zovindikira soli popita kuchimbudzi, zonsezi gulani kulikonse kumene zatchipa. Chikwama mutenge cha malo a mipira iwiri ndipo chikhale cha matayala, chifukwa posachedwa mudzafuna mpira wa pulasitiki wogwetsera pini ya nambala 10 kapena 7 ikatsala pakona.

Sindinganene kuti pro shop iliyonse ndi yabwino. Alipo oboola amene amayeza mothamanga, amene amaboola aliyense mofanana ndi mmene anaphunzirira zaka makumi atatu zapitazo, ndi amene amakankhira kasitomala mpira umene wakhalitsa pashelefu. Njira yodziwira ndi kufunsa anzanu a m'ligi amene amaponya bwino kuti mipira yawo amabooletsa kwa ndani, ndipo mudzamva dzina limodzi kapena awiri akubwerezedwa, nthawi zina la munthu wa mzinda wina amene iwo amalolera kuyenda ola lathunthu kuti akamupeze. Mungafunsenso ngati woboolayo anaphunzitsidwa ndi bungwe la IBPSIA, limene limaphunzitsa ndi kupereka ziphaso kwa ogwira ntchito imeneyi, ngakhale alipo amisiri abwino kwambiri amene alibe pepala limenelo. Kwa ine zizindikiro zodalirika ndi izi: amakufunsani mafunso ambiri asanatchule dzina la mpira, amafuna kukuonani mukuponya, amakuuzani mtengo wonse ntchito isanayambe, ndipo savuta mukapempha kope la pepala la miyeso yanu. Pepala limenelo mulisunge bwino, chifukwa ndi limene lidzakupatseni ufulu m'tsogolo. Kaponyedwe kanu kakadzakhazikika ndipo miyesoyo itatsimikizika pa magemu ambiri, mudzatha kugula mpira wachiwiri kapena wachitatu kulikonse kumene mwaupeza pa mtengo wabwino, ngakhale kuti ndi bwino kuyezetsanso dzanja pakapita chaka kapena ziwiri, makamaka ngati mwanenepa kapena mwaonda.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempha kuti musachite, ndicho kupita kwa woboola, kumutayitsa ola lathunthu akukuyezani ndi kukulangizani, kenako n'kutuluka kukaitanitsa kwina mwakachetechete. Ngati mwaona mtengo wotsika, mutulutse foni n'kumusonyeza poyera. Ambiri a ife timayesetsa kutsitsa kuti tiyandikire, kapena timakuuzani mosabisa kuti pa mpira umenewo sitingathe, muugule komweko mubwere nawo tidzaboole pa mtengo wakutiwakuti. Akakuuzani choncho, mufunse zoti mulembe poitanitsa, chifukwa pakatoni iliyonse pamalembedwa kulemera kwenikweni kwa mpira ndi manambala ena awiri, pin distance ndi top weight, amene amamuthandiza kudziwa ngati mpirawo ulola kaikidwe ka mabowo kamene akufuna. Mupewenso yolembedwa kuti blem kapena X-out pokhapokha iye atavomereza, popeza imeneyo ndi mipira imene inatuluka kufakitale ndi chilema cha maonekedwe kapena cha miyeso.

Lachiwiri likubwerali mufike ola limodzi ligi isanayambe, mutadziwiratu nthawi imene shopuyo imatsegula, pakuti zambiri zimatsegula madzulo a ligi okha. Muyambe mwaponya gemu imodzi ndi mpira wa pashelefu umene munazolowera kuti dzanja litenthe ndipo zala zifike pa kukula kwake kwa nthawi yosewera, kenako muitane woboola adzakuoneni mukuponya mipira isanu kapena isanu ndi umodzi. Mumuuze ndalama zonse zimene mwakonza za mpira, nsapato ndi chikwama, ndipo ngati sizikukwanira zonse pa nthawi imodzi, muyambe ndi mpira ndi nsapato, chikwama mudzaitanitsa pa intaneti mwezi wamawa.